Mileme ya Amalume m'Kachasu

Amalume anga, a Eliya Mvula a ku Kabwata, tinawaika sabata yatha kumanda a ku Chunga. Bokosi lawo sananyamule akulu a mpingo. Tinanyamula ife ana a alongo awo, pamodzi ndi amuna awiri amene ankakwera nawo madenga kuntchito. Kumpingo kwathu mkulu akamwalira, akulu anzake amavala majekete akuda n'kumunyamula okha kuchokera pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo. Amalume anali mkulu wa mpingo ine ndisanabadwe, koma anafa ali munthu wa pabenchi lakumbuyo.

Pamaliropo ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Ni baja ba kachasu." Akanakhala mwamuna ndikanamugulula mano pomwepo, maliro kaya asokonekere. Ndiye ndati bola ndilembe, chifukwa pakamwa ine ndimapsa mtima nkhani ndisanaimalize. Sukulu ndinalekera Fomu Wanu, odziwa kulemba andikhululukire.

Kachasu ankaguladi, zimenezo sindikana. Koma sanalawepo ngakhale dontho. Ankagulira mileme.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wometa mpala. M'thumba la pachifuwa simunkasowa pensulo ndi karula kachitsulo, ngakhale tsiku la Mgonero. Anakhala mu Lusaka moyo wawo wonse wauchikulire koma ankalankhula ngati atsika basi ya ku Katete dzulo. Ndikanena kuti "manje" ankandifunsa kuti mawu oti "tsopano" andilakwira chiyani. Ine ndinabwera m'nyumba mwawo atandichotsa sukulu pa nkhani ya ndewu, ndipo ndinakhalamo mpaka lero, ndikugwira ntchito yokweza katundu ku Kamwala. Za ine zithere pomwepa.

Mileme anaidziwira kwa mzungu wina wa ku ofesi yoona za nyama zakutchire, dziko lisanalandire ufulu. Anali mnyamata womunyamulira mabokosi. Mzunguyo sankasamala za njovu kapena mikango, ankafuna tinyama ting'onoting'ono, ndipo amalume anaphunzira kusenda, kuyeza ndi kusunga. Ufulu utabwera mzungu anapita kwawo, n'kuwasiyira karula kaja, buku lothothoka chikuto ndi kreti ya mabotolo. Iwo anapeza ntchito m'gulu lokonza nyumba za boma ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Mabwana athu atsopano atalowa m'nyumba zimenezo anapeza kuti m'siling'i muli kale eni ake. Fungo, zitosi, kulira kwa tswii tswii dzuwa likamalowa. Amisiri anzawo ankakana kulowamo. Amalume ankachita kupempha.

Kwa ife tonse mleme ndi mleme. Kwa iwo mawu amenewo anali ngati kunena kuti munthu wa ku Mongu ndi wa ku Chipata ndi mmodzi chifukwa onse ali ndi mphuno. Ankati poyamba upatule ikuluikulu ya nkhope ngati galu, yodya mango ndi nkhuyu, uiike pambali. Yotsalayo, yodya tizilombo, usayambe ndi nkhope chifukwa nkhope imanamiza. Uyambe ndi mchira. Pali ina mchira wonse uli m'kati mwa chikopa chopyapyala cha pakati pa miyendo, ngati mwana wokulungidwa m'chitenje. Pali ina mchira umathera ndi kamphanda. Pali ina umaboola chikopacho n'kutulukira pamwamba. Ndiye pali yawoyawo, imene ankaitcha ya mchira wapadera: chikopa chimathera panjira, mchira n'kupitirira wokha, wonenepa, wamaliseche ngati wa mbewa.

Akafika pa imeneyi mawu awo ankasintha. Ankautenga mleme m'dzanja lamanzere, chala chachikulu pansi pa chibwano kuti usalume, n'kutambasula phiko ndi dzanja linalo. Ankati phikolo ndi dzanja ngati lako lomweli, ndipo ankakuwerengetsa zala zake, chachikulu chili ndi chikhadabo, zinazo zitatalika ngati nthiti za ambulera. Mapiko a mtundu umenewu ndi aatali, osatambalala, n'chifukwa chake imauluka m'mwamba kwambiri ndi liwiro, siizungulirazungulira pa nyale ngati inzake. Mlomo wam'mwamba uli ndi makwinya ngati wa nkhalamba yopanda mano. Makutu ndi okhuthala, ogwera kutsogolo, ndipo mwa yambiri amalumikizana pamphumi ndi kachikopa. Pa zala zakunja za kumapazi pali tiubweya touma topindika, timene mleme umadzipesera. Ukafuna kubisala umayenda chobwerera m'mng'alu, mchira uli patsogolo kufufuza njira. Ndipo ukagwa pansi sungathe kunyamuka wokha bwinobwino. Umafunika pamalo okwera, udzigwetse kaye, mapiko agwire mphepo. Ana a m'Kabwata akaupeza pansi n'kuyamba kuugenda, amalume ankawalanda, n'kuukweza pakhoma ndi dzanja lawo. Ankanena kuti chinthu chimene sichitha kudzuka chokha suchiseka, umachikweza.

Musaganize kuti anali munthu wa chisoni chambiri pa tinyamati. Denga lililonse ankatengako umodzi kapena iwiri, n'kuipha mofulumira, n'kuiyeza mkono ndi karula, n'kumangirira kumwendo kapepala kolembedwa ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka m'botolo. Yotsalayo ankaidikira ituluke madzulo n'kutseka mabowo. Koma nyengo ya mvula, ana ali m'kati, ankakana kutseka ngakhale bwana wa nyumbayo akalipe bwanji.

Aliyense wofika pakhomo ankaphunzira, afune asafune. Wowerenga mita ya madzi anaphunzira. Anyamata a chipani atabwera kudzafunsa makhadi, amalume anawaonetsa khadi lawo, kenako n'kuwakhazika pa mpando kuti aone kusiyana kwa mano a mleme wa mimba yoyera ndi wa mimba yakuda. Anyamatawo anatuluka dzuwa litapendeka, nyumba za mzere wathu zotsala osazifikako, ndipo sanabwerenso. Anthu oyandikana nafe anathokoza.

Amene sankathokoza ndi akazi awo, aNaBanda. Mabotolo a jamu ankasowa m'kabati. Chipinda chaching'ono chimene chikanakhala cha alendo chinali ndi thabwa lalitali kukhoma, mabotolo ali ndandanda, muli timaso totseka. Zigaza ankazitsukitsa kwa nyerere: ankaika mutu wa mleme m'kabokosi ka machesi koboolaboola, n'kukasiya pa una kuseri kwa bafa, pakapita masiku n'kukatenga kafupa kali mbee. Tsiku lina aNaBanda akufuna kuyatsa mbaula anatsegula kabokosi kolakwika.

"A Mvula! Bwerani mudzatenge m'bale wanu uyu, akundisekerera!"

"Musagwedeze, mayi, chibwano chingagwe."

"Chibwano! Anzanu akuweta nkhuku, ana akudya mazira. Ine ndinakwatiwa ndi munthu woweta mitembo."

"Mitembo siidya gaga, mayi. Nkhuku za a Lungu zatha ndi chitopa, yangayi ilipobe."

Ankakangana choncho chaka ndi chaka, koma ndi aNaBanda omwewo amene ankatsuka mabotolo ndi madzi otentha n'kuwayanika padzuwa.

Pa mabotolo onsewo panali ena amene anali pamtima pawo. M'siling'i ya nyumba ina ku Woodlands anapeza mileme yaing'ono ya mchira wapadera, yofanana ndi imene yadzaza m'madenga a Lusaka yense. Kukula kumodzimodzi, mano amodzimodzi, yamphongo ili ndi katsumba komweko pakati pa makutu. Koma mapiko ake anali oyera, oti ukawaika padzuwa umaona zala zako kuseri. Buku la mzungu linkati yoyera ndi yakuda ndi mtundu umodzi. Amalume ankati ayi. Ankati pa madenga onse amene analowa sanaipezepo itasakanikirana, ndipo zinthu zimene sizigona pamodzi usafulumire kuzitcha banja limodzi. Kuti nkhani imeneyi idzaweruzidwe pankafunika mileme yambiri ya mitundu iwiriyi, yoikidwa pafupipafupi, ndipo yonyowa. Chikopa chouma chimakwinyika, chimada, milomo imapotoka, umboni n'kutha. N'chifukwa chake ankafuna sipiriti, woyera uja wa kukemisiti.

Kenako zinthu zinayamba kusowa m'masitolo. Mukukumbuka nonse, ndipo sizinathe. Mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira, munthu kuima pamzere osadziwa kuti kutsogolo akugulitsa chiyani. Sipiriti anasowa m'makemisiti onse a mu Cairo Road. Wochepa amene ankabwera ankapita kuchipatala, ndipo amalume ankati n'zoyenera. Koma sipiriti m'botolo amauluka pang'onopang'ono ngakhale utseke bwanji. Anatsika mpaka makutu a mileme ya pamwamba anayamba kuonekera kunja ndi kuuma. Anayesa madzi a mchere pa botolo limodzi, mleme unafufuma n'kuwola. Ndi mmisiri mnzawo amene anawauza kuti kachasu woyamba kutuluka m'paipi amayaka moto ngati sipiriti.

Ine ndinati ndikawagulire. Ku Misisi, komboni imene amatchezako kachasu, ndimakudziwa, anthu ake amandidziwa, palibe akanadabwa. Anakana. Anati sangatume mwana wa mlongo wawo, wamtima wapachala ngati ine, kumalo kumene iwo akuopa kupondako. Anangondilola kuwaperekeza ulendo woyamba chifukwa tinjira ta kumeneko timasokoneza.

Apa ndi pamene analakwitsa, ngati kunali kulakwitsa. Munthu wina aliyense akanapita chakumadzulo, chipewa chili m'maso, botolo lili m'chikwama. Iwo anapita Loweruka masana, atavala jekete ndi tayi, botolo lopanda kanthu ali nalo m'manja poyera. Ankati chimene munthu wachikulunga m'nyuzipepala ndi chimene akuchita nacho manyazi.

Wotcheza kachasuyo anali mayi wa Chibemba wochokera ku Luapula, bana Chanda. Atationa anaika manja m'chiuno, n'kuwatchula amalume kuti ba shikulu, ndiye kuti agogo.

"Muli shani ba shikulu? Mwasoba njila? Tchalitchi ili uko."

"Sindinasochere, mayi. Ndikufuna kachasu. Woyamba kutuluka, wosathira madzi."

Amuna amene anakhala pa mabenchi anatembenuka kutiyang'ana. Bana Chanda anabweretsa botolo. Amalume anathira pang'ono m'chitsekerero, n'kuyatsa machesi. Moto unangoti phethi n'kuzima.

"Uyu ndi wamadzi. Ndati woyamba."

Pabwalo ponse panaphulika chiseko. Wina anaimirira n'kuvula chipewa. "Ba shikulu aba ni ba kaswili! Ise timwa chabe, aba bapima na moto!"

Bana Chanda analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lina. Limenelo linayaka lawi lobiriwira mpaka chitsekerero chinauma. Amalume anagwedeza mutu kuvomera. Mayiyo atafunsa kuti nanga munthu wa tayi akufuna ukali wonsewu wa chiyani, iwo anafotokoza zonse, mchira, makwinya, mapiko oyera, osasiyako kanthu. Bana Chanda anaseka mpaka anakhala pansi.

"Imwe ba kum'mawa! Mbeba za pansi mwasiliza, manje mwayamba za mumwamba? Na kuzimwesa moba!"

"Mbewa timadya, sitikana," anatero amalume nkhope ili gwa. "Inu anyani munawamaliza kwanu, n'chifukwa chake mwabwera kuno kudzaphika utsi."

Ndi chimbuya chimenecho, ife a kum'mawa ndi Abemba timatukwanana choncho popanda wokwiya. Kuyambira tsikulo bana Chanda ankawasungira woyamba, ndipo iwo ankapita okha mwezi ndi mwezi, masana, tayi ili pakhosi. Mileme inamira bwinobwino. Koma nkhani inafika ku Kabwata ife tisanafike.

Bwalo la akulu linawaitana patapita miyezi ingapo. Linakumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa guwa. Amalume anabwera ndi mabotolo pa wilibala, atawayalira masaka. Ine anandiitana ngati mboni, popeza ndimagona m'nyumbamo. Abusa, munthu wofatsa amene anali asanakhalitse pampingopo, anandifunsa ngati ndinawaonapo akumwa. Ndinati ayi, ndipo wonena zimenezo abwere anene ndili pano.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero abusa. "A Mvula, pano palibe amene akuti mumamwa."

"Nanga mlandu ndi wotani, abusa?"

Amene anayankha ndi a Tembo, mlembi wa mpingo, mnzawo wa amalume kuyambira kale. Sanakweze mawu.

"Mwana wanga Yohane mukumudziwa, a Mvula. Munamugwira pa ubatizo ndinu. Mwezi watha tinakamutola m'ngalande ku Misisi, nsapato atamuvula. Nditamufunsa anandiyankha kuti, atate, mukundivutitsiranji, a Mvula omwe amagula pomwepo, ndipo amadziwa wabwino kuposa ine. Ndimuyankhe chiyani? Ndimuuze za mchira?"

Mkulu wina, pofuna kuthandiza, anati bwanji amalume azingondituma ine mwakachetechete, nkhani ithe.

"Likakhala tchimo, siliyera chifukwa walinyamula mwana wa mlongo wanga," anatero amalume. "Likakhala si tchimo, ndibisirenji?"

Abusa anati bwalo silikufuna zambiri. Angolonjeza pamaso pa akulu kuti sadzapondanso kumeneko, basi, Lamulungu akhale pampando wawo monga mwa masiku onse. Amalume anatenga botolo limodzi pa wilibala n'kuliika patebulo, pafupi ndi buku la nyimbo. Munali mleme wa mapiko oyera uja, nsonga za makutu zitauma kuchokera nthawi ya kusowa ija.

"Uyu ndinamutenga chaka chimene tinamanga khonde la tchalitchi lino. Denga limene ndinamutengamo analiphwasula, anzake kulibe. Akauma, watha, ndipo palibe adzadziwe kuti analiko. Sipiriti akabwera m'sitolo mawa, ku Misisi sindipitanso. Koma akapanda kubwera ndidzapita. Ndikalonjeza pano ndiye kuti ndanama pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu, ndipo mukhala ndi mkulu wabodza m'malo mwa mkulu wogula kachasu. Sankhani inu."

"Ndiye mukusinthanitsa mpando wa mkulu ndi mbewa zowola?" anafunsa mkulu wina wa ku Chilenje.

Apo ine ndinaimirira. Ndinanena kuti m'chipinda muno muli anthu amene amakwera basi kukamwera mowa wa m'mabotolo ku Northmead kumene kulibe owadziwa, ndipo ndinayamba kutchula maina. Ananditulutsa anthu atatu. Ena mpaka lero amati ndine ndinaononga mlandu. Bodza limenelo. Mlandu anali atautsiriza okha amalume ndisanatsegule pakamwa.

Anatuluka akukankha wilibala yawo. Panjira ndinayamba kutukwana a Tembo. Anaimitsa wilibala.

"Iwe, a Tembo ananama pati?"

Anadziyankha okha.

"Sananame. Mwana ndi wawo, ndipo ndalama yanga imathandiza kuyatsa moto pansi pa mgolo wa kachasu uja. Zimenezo n'zoona. Zanganso n'zoona. Ukadzawatukwananso udzasamuke m'nyumba mwanga."

Sabata yomweyo anapita kukamuona Yohane atanyamula botolo limodzi la mileme. Anamuonetsa mmene kachasu amaumitsira mnofu, kuuchotsa mtundu, kuusandutsa ngati mphira, n'kumuuza kuti chiwindi chake chikupita komweko. Yohane anamvetsera mwaulemu, n'kuseka, ndipo sanasiye. Sindilemba kuti anasiya chifukwa sanasiye.

Lamulungu lotsatira abusa analengeza kuti a Mvula apumula pa udindo. Iwo analowa monga mwa nthawi zonse, nyimbo yoyamba isanayambe, koma sanapite ku mipando ya akulu pambali pa guwa. Anakhala kumapeto kwa benchi lomaliza, pakona, pansi pa mpata umene uli pakati pa khoma ndi malata. Pamenepo sipankakhala munthu chifukwa pamagwa zitosi. Anatulutsa kampango, n'kupukuta, n'kukhala. ANaBanda analira sabata yonse, kenako anawauza kuti asankha bwino, akakhale ndi abale awo. Amalume anati mileme ya m'tchalitchimo ndi yaing'ono ija ya mapiko akuda, ndipo nthawi ya pemphero lachete imamveka ikukangana.

Pamenepo anakhalapo zaka zonse zotsala. Sanajombe, chopereka sanasiye, nyimbo ankayimba mokweza ngati kale. Abusa anabwera kunyumba kangapo kudzanena kuti khomo lili lotsegula, angobwera kubwalo n'kunena kuti analakwa. Iwo ankawalandira bwino, kuwapatsa tiyi, n'kuwafunsa ngati amva kuti sipiriti wafika m'tauni. Nthawi zina ankafikadi, mabotolo awiri atatu, ndipo mwezi umenewo ku Misisi sankapita. Akatha ankavalanso tayi.

Chaka chatha kunabwera mphunzitsi wina wachinyamata wa ku yunivesite, wokhala ku Chelstone, amene anamva za iwo kwa mmodzi wa anyamata a makhadi aja. Anakhala m'kachipindako masana onse, akuyeza mikono, akusuzumira mano ndi galasi. Amalume anaima pambali manja ali kumbuyo ngati munthu wodikira chigamulo. Pomaliza mphunzitsiyo anati sangawanamize. Anati anthu olemba mabuku aja akhala akuigawa mileme iwiriyi n'kuiphatikizanso, wina akuti mitundu iwiri, wina akuti umodzi wosiyana malaya, ndipo mpaka pano sanagwirizane. Anati mwina a Mvula akulondola, mwina ayi, koma mabotolowa asatayidwe chifukwa tsiku lina wina adzawafuna.

Ine magazi anawira. Mpando wa mkulu, ulemu wa zaka zonsezo, misozi ya aNaBanda, zonsezo n'kulandira "mwina"? Ndinatuluka panja kuti ndisanene zoipa kwa mlendo. Koma amalume ndinawapeza akumwetulira, chinthu chosowa kwa iwo. Anati ndiye kuti mlandu uwu sunagamulidwe, ndipo mboni zake zili zonse, sizinaume.

Chifuwa chinawayamba nyengo yozizira. Fumbi la m'siling'i la zaka zonse zija linali litakhazikika m'mapapo. Ali kuchipatala anandiuza kuti botolo lachitatu kuchokera kukhomo lili ndi chitsekerero chosakhwima, ndiliyang'anire. Za mpingo sananenepo kanthu. Anamwalira m'mawa, aNaBanda akuwapukuta kumaso.

Pamaliro bana Chanda anabwera ndi gulu lawo la Abemba, n'kutipaka ufa kumutu monga amachitira pa chimbuya, akufuula kuti wakudya mbewa wapita, mbewa za mu Kabwata zipume. ANaBanda anaseka koyamba chimwalirireni amuna awo. Pochoka mayiyo anasiya botolo kukhitchini, losakulunga, n'kunena kuti, "Ni ya bana bao baja ba mu mabotolo. Ni yoyamba, mupime na moto."

Akulu a mpingo anabwera onse, n'kukhala pa mipando yawo. Lamulo ndi lamulo, bokosi sanaligwire. Koma kumanda, titatsitsa, a Tembo anavula jekete lakuda lija, n'kulipatsa mkazi wawo, n'kutenga fosholo m'manja mwanga. Ndinafuna kuikaniza. Ndinawayang'ana kumaso n'kuisiya. Anakwirira mpaka malaya ananyowa, munthu wamkulu ngati uja, osalola wina kuwalandira.

Mabotolo anadzawatenga mphunzitsi uja Lachitatu, pa galimoto yobwereka, titawadzaza kaye ndi kachasu wa bana Chanda. Kachipinda kaja tsopano kangathe kulandira alendo. Thabwa lidakali kukhoma, ndipo pamene panali botolo lililonse patsala chizindikiro chozungulira, choyera pakati pa fumbi, mzere wonse kuchokera kukhomo mpaka pazenera. ANaBanda akuti apukuta, koma sanapukute. Fungo lija likadalimo. Kuseri kwa bafa ndapeza kabokosi ka machesi kamene anaiwala pa una, nyerere zitamaliza kale ntchito yake, ndipo sindikudziwa kuti kafupako ndi ka mapiko oyera kapena akuda.

Dzulo ndinapita kutchalitchi, ine amene sindipitapita. Anthu anadzaza mpaka ena anaima pakhomo, koma kumapeto kwa benchi lomaliza kunalibe munthu. Thabwa la pamenepo ndi losalala kuposa pena ponse, chifukwa cha kampango kaja. Zitosi za sabata ziwiri zaunjikana, palibe wazipukuta. Nthawi ya pemphero lachete, mpingo wonse utaweramitsa mitu, pamwamba pa malo amenewo pankamveka tswii tswii.